Chimbale choyamba: mbiri ya mabanja imene yagona m'makaseti akale

Anthu ambiri amene anakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 saiwala chimbale choyamba chimene anagula ndi ndalama yawoyawo. Koma makaseti amenewo akutha ndi nkhungu, chinyezi ndi madzi osefukira, ndipo nyimbo zina zimene zili m'menemo sizipezeka kwina kulikonse.

M'nyumba zambiri za m'midzi ya ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'zigawo za Tete ndi Niassa ku Mozambique muli katundu amene eni ake anasiya kumugwiritsa ntchito koma safuna kumutaya. Pansi pa sutikesi, pamodzi ndi makadi a sikelo ya ana, ziphaso za ubatizo ndi malisiti akale a feteleza, pamapezeka kaseti imodzi kapena ziwiri. Chikuto chake chinafwifwa, kabokosi kake kanang'aluka, ndipo wailesi yoyimbira inafa kalekale. Komabe mwini wake akafunsidwa amafotokoza mosadodoma msika umene anaigula, mbewu imene anagulitsa kuti apeze ndalama yake, ndi munthu amene anatsagana naye tsikulo.

Chimbale choyamba chimakhazikika m'mutu chonchi chifukwa masiku amenewo nyimbo sizinkapezeka mwachisawawa. Munthu ankasunga ndalama kwa milungu ingapo, n'kuyenda ulendo wapansi kapena wa panjinga kupita pa boma, n'kukasankha kaseti imodzi yokha pakati pa makaseti ambirimbiri. Akafika nayo kumudzi ankaimvera mbali zonse ziwiri tsiku ndi tsiku, mpaka ana a m'nyumbamo ndi a nyumba zoyandikana ataloweza nyimbo iliyonse, ngakhalenso imene ikubwera ina ikatha.

Kuchokera pa mbale kufika pa kaseti

Mawu akuti chimbale ali ndi mbiri yawo. Nyimbo zojambulidwa zinafika koyamba m'midzi pa mbale zakuda za galamafoni, zimene zinkafanana ndi mbale zodyera, ndipo dzinalo linakanirira mpaka lero ngakhale mbalezo zinasowa. Mbale zakale zinkasweka msanga, ndipo mbali imodzi inkangotenga nyimbo ya mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono. Ambiri mwa amene ankabwera nazo anali amuna ochokera ku migodi ya ku Joni, amene anapita kudzera ku Wenela, ndi ena ochokera ku mafamu ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia kapena ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia. Munthu wobwera ndi galamafoni, njinga ndi bulangete ankaoneka kuti ulendo wake unamuyendera. Pambuyo pake kunabwera gumbagumba, yoyendera mabatire, imene inkasangalatsa anthu pa michezo ya maukwati usiku wonse.

Wailesi nayo inatsegula makutu a anthu. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kanapangidwa n'cholinga choti anthu wamba a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Kumeneko ndi kumene Alick Nkhata anatchukira poyimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Malawi atalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC inayamba ntchito yake, ndipo kampani ya Nzeru Radio ku Blantyre inkapanga mawailesi amene anafalikira m'midzi yambiri.

Kaseti inapangidwa ndi kampani ya Philips mu 1963, koma m'midzi ya kuno inafala kwenikweni m'zaka za m'ma 1980. Inaposa mbale pa zifukwa zomveka. Inkalowa m'thumba la malaya, sinkasweka ikagwa, ndipo sinkadumphadumpha anthu akamavina pafupi. Kaseti yolembedwa C60 inkatenga mphindi 30 mbali iliyonse, pamene ya C90 inkatenga mphindi 45. Chachikulu koposa chinali chakuti munthu ankatha kujambulamo yekha. Ku Malawi, kumene oyimba ambiri ankajambulira nyimbo zawo ku situdiyo za MBC ndipo sizinkagulitsidwa m'sitolo, anthu ankagula kaseti yopanda kanthu n'kumadikira pafupi ndi wailesi chala chili pa batani. N'chifukwa chake ena chimbale chawo choyamba chinali chojambula okha, chokhala ndi nyimbo za Allan Namoko, Robert Fumulani, Michael Yekha kapena Daniel Kachamba, zodukizidwa ndi mawu a muulutsi.

Ndalama ya fodya, thonje ndi ganyu

Kwa mlimi, nthawi yogula kaseti inali yodziwika. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mbewu zikagulitsidwa, misika inkadzaza ndi mavenda oyala makaseti pa mabenchi ndi pa masaka, aliyense atakweza wailesi yake kuti akope ogula. Mlimi wa thonje wa ku Balaka, Salima kapena Chikwawa akalandira ndalama pa msika wa Admarc ankayamba wagula mchere, sopo, chitenje cha mayi ndi yunifolomu ya ana. Ikatsala ndalama, ndi pamene ankaima pa benchi ya makaseti.

Kufala kwa makaseti ku Malawi kunagwirizana ndi kusintha kwina pa ulimi. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, amene kale ankalimidwa m'maesiteti okha. Makalabu a alimi anayamba kutumiza mabelo ku okushoni ku Kanengo, Limbe ndi Mzuzu, ndipo m'maboma monga Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Rumphi munalowa ndalama imene mabanja ambiri anali asanaigwirepo. Njinga, malata ndi wailesi ya kaseti zinali zinthu zoyamba kugulidwa. Choncho munthu akamakumbukira kaseti yake yoyamba, kawirikawiri amakhala akukumbukiranso chaka choyamba chimene thukuta lake linamulipira mooneka.

Anyamata amene analibe munda wawo ankadalira ganyu. Kupalira, kuumba njerwa, kusoka fodya kapena kutunga madzi pa malo omanga kunkawapatsa ndalama yochepa, ndipo nthawi zina anyamata awiri kapena atatu ankasonkherana kuti agule kaseti imodzi, n'kumasinthana masiku oisunga. Mnyamata wokhala ndi kaseti koma wopanda wailesi ankapita nayo kwa amalume kapena pa golosale, ndipo mwini wailesi ankauza mnyamatayo kuti agule mabatire. Kubwerekana makaseti kunamanga maubwenzi ambiri, ndipo kusabweza kunadanitsanso ena.

Mayina amene amamveka kawirikawiri

Anthu a ku Malawi akamatchula zimbale zawo zoyamba, dzina la Balaka silichedwa kumveka. Kumeneko gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, motsogozedwa ndi Paul Banda, amene pambuyo pake anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe. Situdiyoyo inathandiza oyimba ambiri kutulutsa makaseti awo popanda kudikira MBC. Mng'ono wake, Lucius Banda, anatulutsa chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man mu 1994, chaka chimene dzikolo linachita chisankho cha zipani zambiri pa 17 Meyi, patangotha chaka chimodzi kuchokera pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Nthawi imeneyo inali yapadera. Kwa zaka zambiri nyimbo, mabuku ndi mafilimu zinkayamba zaunikidwa ndi bungwe la boma pansi pa lamulo la mu 1968, ndipo woyimba ankaopa kutchula mavuto a anthu poyera. Ufulu wolankhula utabwera, nyimbo zonena za umphawi, nkhanza ndi katangale zinayamba kumveka m'maminibasi, m'misika ndi m'makonde a nyumba. Kwa anthu ambiri, kugula kaseti yotere kunali koyamba kumva zimene ankangonong'onezana zikuyimbidwa mokweza. Lucius Banda, amene anthu ankamutcha Soja, anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ndipo pa maliro ake anthu ambiri anakumbukira makaseti amene anakula nawo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunatchuka Billy Kaunda ndi chimbale cha Mwapindulanji, komanso Mlaka Maliro ndi Dzanja Lalemba. Ku Chileka kunatuluka Evison Matafale ndi Kuimba 1, ndipo atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, gulu la Black Missionaries linapitiriza kutulutsa zimbale za dzina lomwelo. Joseph Nkasa anagwedeza misika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene Wambali Mkandawire anatulutsa Zani Muwone mu 2002. Mabanja opemphera ankakonda Ethel Kamwendo Banda, Katawa Singers ya ku Mzuzu ndi makwaya a m'mipingo yosiyanasiyana.

Nyimbo zodutsa malire

Makaseti sankafunsidwa chiphaso pa chipata. Ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo kampani ya Teal Records ku Ndola inkapanga mbale za oyimba monga Paul Ngozi ndi magulu ena a nthawiyo. Kenako kunabwera kalindula, ndi oyimba monga P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Nyimbo zimenezi zinkalowa ku Mchinji kudzera pa Mwami, pamene za ku Balaka zinkakafika ku Chipata, Katete ndi Lundazi.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo ku Angónia, Tsangano, Mutarara ndi Milange atatenga ziwiya, mbuzi, ndi makaseti amene ana awo anakula akumvera. Misika ya m'malire monga Lizulu inapitiriza kukhala malo osinthanirana nyimbo.

Ku Zimbabwe, ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi Mozambique amene ankagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi anathandiza kukuza nyimbo za sungura. Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys ndi Alick Macheso ndi ena mwa iwo. Chimbale cha Macheso cha Simbaradzo, chimene chinatuluka mu 2000, chili ndi nyimbo ya Mundikumbuke yoyimbidwa m'Chichewa, ndipo kwa mabanja a m'makomboni a mafamu chinali chonyaditsa kumva chilankhulo cha agogo awo chikuyimbidwa pa wailesi ya dziko lonse. Chitekete cha Leonard Dembo, cha mu 1991, chinavinidwa pa maukwati m'maiko onsewa. Kuchokera ku South Africa kunkabwera Lucky Dube ndi zimbale za Slave mu 1987 ndi Prisoner mu 1989, pamodzi ndi Brenda Fassie ndi Yvonne Chaka Chaka.

Luso la mwini kaseti

Kukhala ndi kaseti kunkafuna nzeru zake. Mdani woyamba anali kutha kwa mabatire. Wailesi ya kaseti inkadya mabatire akuluakulu 4 kapena 6, ndipo inkawatha msanga kuposa pomvera nkhani chifukwa mkati mwake muli kamota kozunguza tepi. Mabatire akayamba kufooka, mawu a woyimba ankakoka ngati a munthu wa tulo. Anthu ankawayanika padzuwa kuti apezemo kamphamvu kotsala, ndipo amene anali ndi mwayi ankalumikiza wailesi ku batire la galimoto lokatchajitsa ku chigayo kapena pa boma.

Pofuna kusunga mphamvu, palibe amene ankabweza tepi ndi wailesi. Bolopeni ya Bic, chifukwa cha ngodya zake, inkalowa bwino m'mano a kaseti, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuizunguza m'mwamba mpaka tepi itabwerera poyambira. Wailesi ikatafuna tepi, mwini wake ankaisolola mosamala, n'kuiwongola ndi chala. Ikaduka ankailumikiza ndi kachidutswa ka selotepi kapena utoto wa m'zikhadabo, ndipo kuyambira tsiku limenelo nyimboyo inkakhala ndi kabala pamalo pamenepo. Mawu akayamba kumveka ngati ali m'madzi, ankapukuta hedi ndi thonje loviika mu sipiriti.

Pamwamba pa kaseti pali timabowo tiwiri. Tikakhala totseguka, wailesi imakana kujambula pamwamba pa nyimbo zimene zilimo. Ana anatulukira msanga kuti kutseka timabowoto ndi pepala kumachotsa chitetezocho, ndipo m'mabanja ambiri muli nkhani ya mwana amene anajambula mawu ake ndi a anzake pakati pa chimbale chokondedwa cha bambo ake. Tsiku limenelo kunali mkwapulo, koma lero kaseti yotere ndi imene banja limailakalaka kwambiri, chifukwa ndi yokhayo yosunga mawu a anawo ali aang'ono.

Wailesi inali ya yani?

Funso la chimbale choyamba limaululanso za amene ankagwira chuma pakhomo. M'mabanja ambiri ndalama ya fodya ndi thonje inkalandiridwa ndi bambo, ngakhale mayi ndi ana anagwira nawo ntchito kuyambira ku nazale mpaka kusankha. Bambo ndi amene ankagula wailesi, ankasankha kaseti, ndipo pochoka pakhomo ankatha kunyamula wailesiyo pa njinga kapena kuchotsamo mabatire. Amayi ambiri a msinkhu umenewo amadziwa nyimbo za nthawiyo mawu ndi mawu, koma sanakhalepo ndi kaseti yawoyawo. Amene anakhala nayo kawirikawiri anaipeza kudzera mu geni ya mandasi, tomato kapena mowa wamasese, kapena inali ya kwaya ya amayi a mpingo wawo.

Vuto limeneli ndi limene mabungwe a chitukuko anakumana nalo atayamba kugwiritsa ntchito wailesi pofalitsa uthenga wa ulimi ndi wa Edzi. Uthenga wopita kwa amayi sunkawafika chifukwa wailesi inali ku bawo ndi abambo. Njira imodzi yothetsera vutoli inali makalabu omvera wailesi, mmene gulu linkakhala ndi wailesi yake, ndipo linkajambula maganizo ake pa kaseti n'kutumiza kwa aulutsi. Ina inali wailesi yopukusa ya Freeplay, imene inayamba kupangidwa ku Cape Town m'zaka za m'ma 1990 ndipo sinkafuna mabatire. Lero nyimbo ndi mauthenga a ulimi zikuyenda pa foni, ndipo funso la amene akusunga foniyo pakhomo ndi lofunikabe kwa mlangizi aliyense.

Thukuta la woyimba

Kuphweka kwa kukopera, kumene kunathandiza kaseti kufika m'mudzi uliwonse, ndi kumenenso kunasaukitsa oyimba. Wailesi ya makomo awiri inkakopera chimbale chonse mu ola limodzi, ndipo anthu ena anasandutsa zimenezi kukhala bizinesi. Ogula ambiri sankasiyanitsa kaseti yeniyeni ndi yokopera, ndipo sankadziwa kuti pa yokopera woyimba sapezapo ngakhale tambala.

Ku Malawi lamulo loteteza eni luso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992. Makaseti ovomerezeka anayamba kumatidwa kachizindikiro konyezimira kuti wogula adziwe enieni. Oyimba ambiri ankapereka nyimbo zawo kwa O.G. Issa ku Limbe, amene ankachulukitsa makaseti n'kumagulitsa kwa mavenda ochokera m'zigawo zonse. Maiko oyandikana nawo ali ndi mabungwe a ntchito yofanana, monga ZAMCOPS ku Zambia, ZIMURA ku Zimbabwe ndi SOMAS ku Mozambique.

Kaseti inagonja kwa CD, ndipo CD inagonja kwa memori khadi ndi foni. Pa malo ochitira malonda pali anyamata a makompyuta amene amathira nyimbo mazanamazana m'kakhadi kamodzi pa mtengo wochepa. Mwana wa lero ali ndi nyimbo zambiri kuposa zimene agogo ake anamvapo moyo wawo wonse, koma nthawi zambiri zimabwera zopanda chikuto, zopanda chaka, mwinanso zopanda dzina la woyimba. Lamulo latsopano la mu 2016 ku Malawi linatsegula njira yoti pa zipangizo zosungira nyimbo pazidulidwa ndalama yopita kwa eni luso. Mlimi amene amadziwa kuwawa kwa kugulitsa mbewu pa mtengo wolira sangavutike kumvetsa dandaulo la woyimba amene nyimbo yake ikuvinidwa paliponse iye akusowa ndalama ya mankhwala.

Phindu kwa ogwira ntchito m'midzi

Akatswiri a za maganizo anapeza kuti zimene munthu anaona ndi kumva ali pakati pa zaka 10 ndi 30 ndi zimene amazikumbukira kwambiri akakalamba, ndipo nyimbo za nthawi imeneyo zimakhala m'gulu lomwelo. Mfundo imeneyi ili ndi ntchito zingapo kwa alangizi ndi anthu odzipereka a m'midzi.

Yoyamba ndi pa misonkhano yofufuza mbiri ya mudzi. Mlangizi akafunsa chaka chimene mtsinje unayamba kuuma kapena chimene nkhalango inatha, anthu ambiri satha kutchula nambala. Koma amakumbukira nyimbo imene inkavinidwa chaka chimenecho, ndipo popeza zaka za zimbale zotchuka n'zodziwika, gulu limatha kuyerekeza nthawi yake. Funso la chimbale choyamba limathandizanso kumasula anthu, chifukwa mfumu, mphunzitsi ndi mayi wamasiye onse amakhala ndi yankho, ndipo palibe yankho lolakwa.

Yachiwiri ndi pa chisamaliro cha okalamba. Matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene madokotala amawatcha dementia, amachititsa munthu kuiwala mayina a ana ake, kusochera, kapena kulankhula zosamveka. M'midzi ina agogo otere amanamiziridwa ufiti n'kuzunzidwa, ngakhale kuti ku Malawi lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nyimbo sizichiza matendawa, koma odwala ambiri amazikumbukirabe zinthu zina zitaiwalika, ndipo nyimbo ya pa unyamata wawo imatha kuwakhazika mtima pansi. Achibale akaona agogo akuyimba nawo nyimbo ya kalekale, amayamba kumvetsa kuti ndi munthu wawo yemwe uja amene akudwala.

Pamafunika kusamala. Zaka za makaseti ndi zomwenso Edzi inatenga anthu ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma, ndiponso za njala ya mu 2002. Nyimbo ina imakumbutsa munthu mwamuna, mkazi kapena mwana amene anamwalira, ndipo wotsogolera zokambirana ayenera kupereka mpata kwa amene wagwidwa ndi chisoni, osamukakamiza kulankhula. Nyimbo zotamanda kapena kunyoza chipani ndi bwino kuzipewa pa msonkhano wa chitukuko.

Kupulumutsa zotsala

Nyimbo za oyimba otchuka zambiri zikupezeka pa intaneti. Zimene zili pa chiopsezo ndi za magulu ang'onoang'ono: kwaya ya pa mpingo wa kumudzi imene inajambula makaseti ochepa, gulu la banjo la pa msika, nyimbo za pa ukwati, ulaliki wa abusa amene anamwalira, kapena zokambirana za kalabu yomvera wailesi. Zoterezi mwina zatsala pa kaseti imodzi yokha. Madzi osefukira a namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anakokolola katundu wa mabanja ambiri kum'mwera kwa Malawi ndi ku Mozambique, ndipo madzi akatayika sawoleka.

Zitsanzo zilipo zosonyeza kuti chosungidwa chimadzapindula. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes ku Makhanda. Nyimbo za gulu la WITCH la ku Zambia zinatulutsidwanso mu 2012 ndi kampani ya Now-Again ya ku America, ndipo zinapeza omvera atsopano kunja. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anadziwika ndi achinyamata a m'maiko ambiri atayimba ndi Patience Namadingo mu 2020.

Kusunga kaseti sikufuna ndalama zambiri. Iyenera kukhala m'kabokosi kake, choimirira, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi dzuwa, denga la malata ndi masipika, chifukwa maginito a m'sipika amafufuta mawu. Ngati timabowo ta pamwamba tili totseka, ndi bwino kutitsegula kuti wina asajambulemo mwangozi. Kaseti yooneka nkhungu yoyera mkati isaikidwe mu wailesi, popeza tepi imatha kuduka ndipo nkhunguyo imafalikira ku makaseti ena. Wailesi imene yakhala zaka osagwira ntchito iyambe yayesedwa ndi kaseti yosafunika kwenikweni, chifukwa malamba a mkati amakhala atafooka ndipo ikhoza kutafuna tepi.

Kusamutsa mawu kumafuna wailesi yabwino, kachingwe kochokera pa bowo la mahedifoni kupita ku kompyuta, ndi pulogalamu yaulere monga Audacity. Kaseti imayenera kuyimba yonse pa liwiro lake, choncho ya C60 imatenga ola lathunthu. Kumene kulibe kompyuta, foni yoikidwa pafupi ndi sipika m'chipinda chachete imajambula mawu omveka ndithu, ngakhale sakhala okoma ngati oyamba. Zojambulazo zisungidwe malo awiri osiyana, chikuto chijambulidwe chithunzi, ndipo m'kope mulembedwe dzina la gulu, mudzi, chaka ndi mayina a oyimba, eni ake akadali moyo kuti afotokoze. Kaseti yeniyeniyo isatayidwe.

Ntchito yotere imayenda bwino ikagwiridwa ndi gulu. Kalabu ya alimi, banki m'khonde kapena bungwe la achinyamata likhoza kusankha tsiku loti anthu abwere ndi makaseti awo, achinyamata n'kumajambula, akuluakulu n'kumafotokoza. Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, Nkhotakota Community Radio ndi Breeze FM ku Chipata ali pafupi ndi alimi ndipo akhoza kufunsidwa nzeru. Kusungira banja ndi kosiyana ndi kugulitsa, choncho nyimbo za gulu kapena za munthu zisaperekedwe ku wailesi kapena kuikidwa pa intaneti popanda chilolezo cha eni ake kapena achibale awo.

Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi chilimwe, ntchito za kumunda zitachepa ndipo mpweya uli wouma. Chaka chilichonse mvula ikagwa, chinyezi chimalowanso m'masutikesi, ndipo amisiri odziwa kukonza mawailesi a kaseti akucheperachepera m'misika.